Mzinga Padenga la Rkia

Ku Tazenakht wailesi ikafa, kapena foni ikagwera mumphika wa utoto, munthu safunsa kokonzetsa. Amangolunjika kwa Addi, m'kashopu kopanikizika pakati pa wophika buledi ndi wometa tsitsi. Addi ndi bambo wamfupi, wandevu zoyamba imvi, wosalankhula akaluma sikuludiraiva, ndipo nthawi zambiri amakhala atailuma. Ukamufunsa ngati foni yako ichira amangokweza nsidze imodzi. Ikakwera yakumanja ndiye kuti ubwere mawa. Ikakwera yakumanzere, kagule ina.

Asanakhazikike mushopumo ankakhoma madishi a TV pamadenga a anthu. Madenga akuno ndi afulati, otchingidwa ndi kakhoma kolekeza m'chiuno, ndipo eni ake ndi amayi. Kumeneko ndiko amayanika zovala, tsabola ndi ubweya wonyika, ndiko amavula mipango, kupesana tsitsi ndi kuponyerana nkhani modumphitsa makoma. Mwamuna sakwerako chikwerekwere, ngakhale nyumbayo atamanga ndi manja ake. Zaka zonse zimene Addi anagwira ntchito ija sanapondepo masitepe asanaime pansi n'kufuula kuti, "Mwamuna akukweratu!" kenaka n'kudikira mpaka phokoso la masilipasi litatha. Mwambo umenewu ankaudziwa kuposa wina aliyense m'tauni muno. Zimenezi muzisunge, chifukwa mlandu umene unadzamugwera ndi womwewo.

Matenda a nyenyezi anawatenga kwa mphunzitsi wina wa kusekondale, amene anabwera ndi kamota kakufa m'jumbo. Addi atakadzutsa anafuna kuona chimene kamayendetsa. Mphunzitsiyo anamuonetsa chipaipi chachikulu chokhala ndi kalilole kunsi kwake, chokwezedwa pamiyendo itatu, kenaka chithunzi pakompyuta: kachinthu kotuwa, kopotana ngati mpukutu wa ubweya.

"Umenewu ndi mlalang'amba," anatero mphunzitsi. "Osati wathu uja timauona ukudutsa pamutu ngati utsi. Wina, wakutali zedi, woti ndi maso simungauone ngakhale mutadya kaloti thumba lonse."

Addi anasendera pafupi ndi chithunzicho. Nsidze zonse ziwiri zinakwera, zimene anthu anali asanaonepo. Mphunzitsi uja atamusamutsira ku Marrakech, kumene magetsi anameza thambo kalekale, katundu yenseyo anatsala kwa Addi. Anthu a m'kanjira kathu anachiyang'ana chipaipicho n'kuchitcha mzinga, ndipo dzinalo linakakamira. Mkazi wake, Rkia, analola kuti mzinga uzikhala padenga lake miyezi yozizira, imene kuno imayamba chaka chikamatha n'kukathera cha mu Meyi, pamene madzulo kumwambako sikukhala munthu, bola usagunde ubweya.

Ambiri ankaganiza kuti Addi amachezera kusuzumira. Ayi ndithu, mzingawo unalibe ndi posuzumira pomwe. Pamalo pa diso panali kamera. Akabwerako kumzikiti madzulo ankakwera, kulungamitsa miyendo ija ndi nyenyezi ya kumpoto imene sisuntha, kupeza malo ake m'thambo, n'kusiya mota izitsatira nyenyezi zikamatsetserekera kumadzulo. Akatero ankatsika kukagona ngati munthu wina aliyense, kamera ikujambula yokha, chithunzi chilichonse mphindi zingapo. M'bandakucha, asanapite kopemphera, ankakwera kukavundikira.

Ntchito yeniyeni inali ya masana, mushopu, pakati pa mafoni a eni. Chithunzi chimodzi cha mlalang'amba wozilala si kanthu: mdima wodzaza timadontho ngati mchenga, ndi nyenyezi zowerengeka. Munthu amasonkhanitsa mazanamazana, kutaya zimene mphepo inagwedeza ndi zimene ndege inalembamo mzere, n'kusanjikiza zotsalazo china pamwamba pa chinzake. Mchenga uja umagwera apa lero, apo mawa, ndiye umafafanizika wokha. Kuwala kwenikweni kumagwera pamodzimodzi, ndiye kumanenepa. Palinso zithunzi zojambula mzinga uli chivundikirire, zochotsera zipsera za kutentha kwa kamera, ndi zina zojambula chakumadzulo pakamwa pa mzinga atakungapo nsalu yoyera, zochotsera fumbi la pagalasi. Nsalu yoyerayo inali mpango wa Rkia, ndipo nkhondo yake sinathe tsiku limodzi. Pomaliza Addi ankakoka kuwalako pang'onopang'ono pakompyuta mpaka chinthu chivuuke mumdima. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha ndiye Mulungu anamupatsa mosaumira.

Khoma ndi khoma, chakumadzulo, amakhala Mbarek wogulitsa makapeti, chimunthu chachitali cha mawu osafuna chimkuzamawu. Awiriwa anaweta mbuzi limodzi ali ana, anakwatira chaka chimodzi, ndipo Lachisanu lililonse akaweruka kumzikiti ankadya kusikusi, chakudya chathu cha timibulu ta tirigu, m'mbale imodzi, sabata ino kwa uyu, ya mawa kwa uyo. Rkia ndi Ijja, mkazi wa Mbarek, ankaluka makapeti limodzi. Addi analibe mnzake wina woti n'kumutchula. Mwana wake mmodzi yekhayo, Tilila, anakwatiwa ku Agadir, abale ake anabalalikira kumpoto. Womunyogodola anali Mbarek yekha.

"Iwe wa mzinga, wawombera angati usiku wathawu?" ankatero akadutsa pashopu.

"Ndikanayamba ndi iwe, koma sukwana pagalasi. Mimbayo."

"Mimbayi ndi ya kusikusi wa mkazi wako. Iwe umadya nyenyezi, taona mmene waumira."

Panali mlalang'amba umodzi umene unamugwira mtima Addi, kumchira kwa gulu la nyenyezi lotchedwa Mkango. Unalibe dzina, nambala chabe, koma unali ndi kamkono kozilala kotambalala pambali, koti ngakhale akatswiri a ku Casablanca amene ankawaona pa intaneti ankangokagwira mwa apo ndi apo. Anauthamangitsa zaka zitatu. Umayamba kuoneka bwino mu Febuluwale, pofika Meyi umalowa msanga. Chotsanipo masiku a mwezi wowala, chotsanipo masiku a mphepo ya fumbi yochokera kuchipululu, otsalawo ndi ochepa momvetsa chisoni. Chaka chachitatu kamkono kaja kanayamba kuonekera ngati mpweya pagalasi. Kanangotsala pang'ono, ndipo pang'ono pamenepo ndi pamene panamupweteketsa.

Mota ija inali ndi malire: mzinga ukawerama kufika pakutipakuti, inkaima yokha. Malirewo anaika ndi Addi yemweyo. Koma m'Meyi wa chaka chimenecho, pofuna kufinya kanthawi kena usiku uliwonse, anawachotsa. Za denga la Mbarek sanaganizeko n'komwe. Mutu wake unali kumchira kwa Mkango.

Tsoka lake, kutentha kunabwera msanga. Ijja ndi ana ake aakazi awiri anakweza mphasa kukagona padenga, monga timachitira tonse m'nyumba mukasanduka uvuni. Nawo mzinga, mwini wake akuliza mkonono pansi, unatsatira mlalang'amba wake mokhulupirika, kuwerama, kuwerama, mpaka kukamwa kwake kunaloza ndendende pamwamba pa kakhoma, kagetsi kofiira kakuphethira pambali. Ijja atatembenuka m'tulo anangoona chinthu chikuyenda chokha mwakachetechete, chikuyang'ana pamene panagona ana ake. Tsiku loyamba anakhala chete. Tsiku lachiwiri anauza mwamuna wake.

M'mawa mwake Addi anakumana ndi Mbarek pakhomo.

"Salamu aleikumu, mimba!"

Mbarek anamudutsa ngati akudutsa pholo la magetsi. Kunotu munthu akhoza kukumana mchere, kukumana moto, koma akakumana salamu ndiye kuti wakuika m'manda uli moyo. Addi anaima pamenepo makiyi ali m'manja. Anabwerera m'nyumba, kumene anapeza Rkia atamva kale. Nkhani za padenga sizitsika pamasitepe, zimadumpha khoma.

"Bambo a Tilila, mwandichititsa manyazi amene sindinawaonepo chibadwire," anatero Rkia. "Inu amene munkafuula m'makomo a eni kuti mwamuna akukwera, lero mwakweza diso osafuula?"

"Diso lanji, mayi? Ine ndinali m'tulo pambali panu pompa. Mkonono simunaumve?"

"Ine ndinaumva. Nanga Ijja anaumva?"

"Chinthuchotu chinachunidwa kuona zakutali. Zapafupi zimangotuluka phala."

"Kamuuzeni Mbarek za phalazo. Ine ndiye pamaso pa Ijja sindingaonekere."

Lachisanu linafika, n'kupita, mbale iliyonse inadyeredwa kwawo. Loweruka Addi anatseka shopu masanasana n'kupita kukaima pakhomo la sitolo ya makapeti, chipewa chili m'manja.

"Achimwene, ndalakwa, koma si kulakwa kumene mukuganiza. Tiyeni mukaone nokha zonse zimene kamera inajambula."

Mbarek anamuyang'ana nthawi yaitali. "Tiyeni, bambo," anatero. Chibadwire anali asanamutchulepo bambo.

Mushopu muja Addi anatseka chitseko n'kuyamba kutsegula zithunzi za masiku aja chimodzichimodzi. Chakuda. China, chakuda. Chinanso, chakuda, ndi timadontho.

"Ndi zimenezi?" anafunsa Mbarek.

"Ndi zimenezi."

"Mdima."

"Eya."

"Ndiye mukufuna ndikhulupirire kuti munthu wamkulu, wandevu zake, amavutika chonchi kujambula mdima? Mumandiona ngati mbuzi tinkaweta zija? Zenizenizo mwabisa kuti?"

Apa Addi anathedwa nzeru. Anali asanaganizepo kuti mdima ungamange munthu. Anamupempha Mbarek kuti akhale pampando wa makasitomala, n'kulamula kompyuta kuti isanjikize zithunzi zonse za zaka zitatu, mnzakeyo akuona. Kompyutayo ndi yokalamba, imalira ngati chigayo chakutali. Wometa tsitsi anatumiza tiyi wa minti, tiyiyo anazizira osamwedwa. Anthu ankagogoda, Addi ankawabweza. Awiriwo anadikira mpaka dzuwa linapendeka.

Itamaliza, Addi anayamba kukoka kuwala. Poyamba zinatuluka nyenyezi, kenaka pakati panayera, kenaka mpukutu wonse unavuuka, ndipo pambali pake, abale inu, kamkono kaja kanali tambalale, koonekeratu, chifukwa zithunzi za masiku omaliza aja zinali zitalowamo. Addi anali asanakaonepo chonchi. Mlandu anauiwala.

"Taona, Mbarek! Kamkono kaja! Katuluka, iwe!"

Mbarek anawerama n'kuyang'anitsitsa. Ndi munthu wodziwa chinthu chokongola akachiona, pajatu ndiyo ntchito yake.

"N'chokongola," anatero motsitsa mawu. "Koma poyamba panalibe kanthu."

"Panalibe."

"Ndiye makina anuwa amatulutsa chinthu mumdima woti maso saonamo kanthu."

"Eya! Si zimene ndakhala ndikukuuza zaka zonsezi?"

"Nanga mumdima wa padenga panga angatulutse chiyani?"

Addi anayesanso. Anafotokoza za phala lija. Anamuonetsa zithunzi zomalizira, pamene mzinga unafika pakhoma, zongotuwa mbuu popanda mutu kapena mwendo. Mbarek anangoti nazonso zikufanana ndi mdima uja usanakokedwe. Umboni umene Addi anabwera nawo kudzadziombola ndi umene unamumanga. Musamuweruze Mbarek. Sanali chitsiru, sanali wankhanza. Anali bambo wa atsikana awiri osakwatiwa, m'tauni imene mphekesera imathamanga kuposa basi ya ku Ouarzazate.

Addi anayang'ana kamkono kake kanthawi. Kenaka anasankha zithunzi zonse za Meyi, pamodzi ndi chomalizidwa chija, n'kuzifufuta mnzakeyo akuona. Anasolola kakhadi m'kamera n'kukathyola ndi pulayazi. Madzulo omwewo anaima pansi pa masitepe a m'nyumba yake yomwe n'kufuula kuti mwamuna akukwera, anatsitsa mzinga n'kukaugoneka kuseri kwa matumba a balere.

Salamu inabwerera, koma youma. "Aleikumu salamu," Mbarek ankatero, miyendo ikupitirira. Za mzinga, za mimba, zonse zii. Chilimwe chonse chinatha choncho. Addi ankakonza mafoni, kupita kumzikiti, madzulo n'kukhala pabwalo la m'kati mwa nyumba maso ali pakachigamba ka thambo kamene makoma anamusiyira. Rkia poyamba ankayesa akulira mlalang'amba. Anazindikira zenizeni ataona kuti Lachisanu lililonse mwamuna wake amadya mbali imodzi yokha ya mbale, inayo osaikhudza.

Nkhaniyi anaimaliza ndi eni madenga, nyengo yonyika ubweya itafika. Zimene Rkia ndi Ijja anakambirana pakhoma paja palibe mwamuna amene amazidziwa. Tsiku lina Rkia anangotsika manja ali ofiira ndi utoto, n'kuima kutsogolo kwa mwamuna wake.

"Bambo a Tilila, kodi denga lija ndi la ndani?"

"Ndi lanu, mayi."

"Ndiye tulutsani mzinga uja muupukute. Kuyambira lero ndi wanga. Ndiziuloza ine, Ijja aziona ndi maso ake kumene waloza. Chakumadzulo tipachika kapeti. Inu phazi lanu lisapondenso masitepe dzuwa likalowa, kaya kutenthe kaya kuzizire. Mukoke nthambo yanu ifike pansi, muzikhala pamenepo."

"Nanga Mbarek wavomera?"

"Mbarek wauzidwa."

Chigamulocho sichinali chopepuka. Chimene Addi ankakonda kwambiri, ngakhale sananenepo, chinali kanthawi kaja akamaliza kuchuna, kuima yekha padenga thambo lonse lili pamutu pake, kuchokera kumapiri mpaka kuchipululu. Rkia ankamuuza kuti kameneko ndiye katha, mpaka kalekale. Anaganiza usiku umodzi, m'mawa anasuntha matumba a balere.

Anamuphunzitsa masana, pabwalo: iyi ndi yomanga, iyi ndi yomasula, apa musagwire. Rkia sanali wophunzira wofatsa, ndipo Addi si mphunzitsi, moti anthu odutsa m'kanjira ankayesa m'nyumbamo muli ndewu. Usiku woyamba Rkia anachita zonse molongosoka, kupatula kuchotsa chivundikiro. M'mawa Addi anatsegula zithunzi, zonse bii. Nsidze yakumanzere inayamba kukwera, koma anaibweza.

"Zithandiza," anatero. "Zojambula chivundikirire zimafunikanso."

"Mwaona? Ndinachitira dala."

Ulendo wina analoza pena pake m'thambo poti mpaka lero palibe akudziwa kuti panali pati. Koma pofika Febuluwale anali atazolowera, Ijja akumuunikira ndi tochi yokulunga kansalu kofiira. Kapeti ya kumadzulo inkadya nthawi yambiri usiku uliwonse, choncho kamkono kaja kanadzabwerera patapita nyengo ziwiri. Chithunzi chake chili pakhoma mushopu, pamwamba pa mabatire. Wofunsa amauzidwa kuti anajambula ndi mayi a Tilila, Addi amangotsuka zithunzizo.

Koma Addi ukamufunsa za nthawi imeneyo sayamba ndi kamkono. Amayamba ndi madzulo ena a Febuluwale woyamba uja, atakhala pasitepe yapansi, bulangeti lili m'mapewa, kompyuta ili pamiyendo, nthambo ikukwera kumene iye saloledwa. Kunamveka kugogoda. Atatsegula anapeza Mbarek, m'manja muli kambale ka zipatso za kanjedza, maso akuyang'ana kumbali.

"Kwathu kulibe munthu," anatero Mbarek. "Mayi ndi ana omwe, onse adumpha khoma. Ali ndi mzinga wako."

"Wa Rkia."

"Kaya wa ndani. Ine ndatsala ndi mphaka."

Addi anasendera. Sitepe ndi yopapatiza ndipo Mbarek si wochepa, koma anakwanapo. Chithunzi choyamba chinatsika ndi nthambo n'kuonekera pagalasi. Mbarek anawerama.

"Mdima womwe uja."

"Womwe uja."

Kumwamba kunaphulika phwete, mawu a Ijja pamwamba pa onse, wina akukuwa kuti nyenyezi yathothoka. Amuna awiriwo anakweza maso, koma pamene anakhalapo ankangoona kudenga kwa masitepe.

"Kodi akuona chiyani kumwambako?"

"Zonse," anatero Addi. "Lero kulibe mwezi, kulibe fumbi."

"Nanga ife?"

"Ife tiona mawa."

Mbarek anatafuna chipatso chimodzi, n'kulavulira njere m'dzanja. Anakankhira kambale kaja kwa mnzake.

"Mawatu ndi Lachisanu, iwe wa mzinga. Paja kusikusi tinalekezera kwa ndani? Ine ndaiwala."

Addi sanaiwale.

"Kwako," anatero.